Mlomo umodzi ufafaniza, milomo iwiri iwonjezera

Mwana wanga wamkazi anabadwa ndi kabowo mu mtima. Tinadziwa ali ndi miyezi ingapo, nditadandaula ku kiliniki kuti akamayamwa amatuluka thukuta pamphumi ngati munthu wolima, ndipo amasiya bele asanakhute. Anatitumiza ku Lusaka. Kumeneko anamugoneka pa kabedi, kumupaka mafuta ozizira pachifuwa, ndi kujambula kanema wa mtima wake ukugunda. Kanemayo anandiikira pa fulashi chifukwa ndinapempha. Tsiku lokaonana ndi adokotala a mitima ya ana linali kutali, popeza ana odikira ndi ambiri. Ndinabwerera ku Kafue ndi fulashi m'kachikwama, ndi funso limodzi lomwe silinandisiye: kodi mwanayu angathe kudikira?

Ndine munthu wamantha, izi sindibisa. Mwana akagona ndimaika khutu pachifuwa chake kangapo, ngati kuti ndingamve kabowoko. Ndikamusambitsa ndimayang'ana milomo yake kuti ndione ngati yada. Amayi anga amati ndidzamutha ndi maso. Koma pali malo amodzi pomwe mantha sandipeza, pamaso pa kompyuta. Ndili ndi setifiketi ya ku koleji, ndipo ndimagwira ntchito mu shopu ina m'tauni, pafupi ndi pokwerera mabasi, momwe timachita mafotokope, kutaipa makalata ofunsira ntchito ndi kusindikiza mapulogalamu a maukwati ndi a maliro. Eni shopu ndi mayi wachikulire, wa mapemphero kwambiri, amene amadzoza ngakhale pulinta ikadya pepala. Ndimawatcha ba mayi.

Ku koleji tinali ndi mphunzitsi amene anatikakamiza kuphunzira zenera lakuda, lija lopanda zithunzi, momwe umalemba chomwe ukufuna kuti kompyuta ichite nkukanikiza batani lalikulu. Anzanga ankadana nalo. Ine ndinalikonda. Silikufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani, silikuyang'ana ngati wavala bwino. Ukalemba zolondola limachita, ukalemba zolakwika limachitanso, ndipo nthawi zambiri silinena kanthu.

Apongozi anga aamuna amakhala kummawa, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Anagwira ntchito mu ofesi yosungira mafayilo a odwala pa chipatala china cha mishoni mpaka kupuma, ndipo kiyi ya ofesiyo akadali nayo, chifukwa amawaitana kalaliki akachoka. Chilowereni m'banja lawo, ine ndi iwo tinali tisanakambe mawu opitirira moni. Alangizi anandiphunzitsa bwino: apongozi aamuna suwayang'ana m'maso, suimirira pamaso pawo, suwapatsa chinthu m'manja, ndipo suwauza kuti ayi. Ukafuna kukana umati kapena. Nawonso anali ndi mbali yawo. Ndikakhala pa mphasa pomwepo, iwo amatembenukira kwa akazi awo nkunena kuti, "Afunseni amake mwana ngati anayenda bwino." Ine ndinabadwira ku Chanyanya, kumene amayi anga amakamba ndi asodzi mokuwa, wina ali pamtunda wina ali m'bwato. Ulemu wa kummawa ndinauphunzira ngati mayeso, ndipo ndinakhoza. Apongozi aakazi ankandiyamikira kwa anzawo ku tchalitchi.

Lachisanu lina mwamuna wanga anaimba foni. Iye amayendetsa thiraki, ndipo tsiku limenelo anali pa mzere ku boda. Anati atate ake amuuza kuti pa chipatala cha mishoni pabwera dokotala wa mitima ya ana wochokera kunja, mayi, amene achoka mawa lake akadya chamasana. Atate anali atamupempha, ndipo anavomera kuona kanema wa mdzukulu wawo ngati afika iye asananyamuke. Anangoti kanemayo afike monga mmene anajambulidwira, osamuchepetsa. Akamuona adzatiuza ngati tiyenera kumukweza mwana basi kumutsatira komwe akupita, kapena kudikira tsiku la ku Lusaka.

Loweruka ndinafika ku shopu ba mayi asanatsegule, mwana kumbuyo. Kutumiza pa foni sikukanatheka, chifukwa foni imafinya kanema mpaka mtima kuoneka ngati mtambo. Imelo inakana, inati fayilo yakula. Sindinatekeseke ngakhale pang'ono. Iyi ndi ntchito yanga. Ndinatsegula zenera lakuda nkulemba:

split -b 20M mtima.mp4 gawo

Lamulo la split limadula fayilo yaikulu kukhala tizigawo tofanana, monga amayi anga amadulira mlamba waukulu kuti ukwane pa waya woumitsira. Kusiyana kwake nkwakuti tizigawo ta fayilo timabwereranso pamodzi, bola utitsatanitse bwino, mutu poyamba, mchira pomaliza. Kompyuta imatipatsa yokha maina otsatana: gawoaa, gawoab, gawoac, mpaka kumapeto. Ndinatumiza kagawo kalikonse mu imelo yakeyake ku adiresi ya ofesi ya chipatala, ndipo mu imelo yomaliza ndinalemba mmene angatilumikizire. Netiweki ya m'tauni inali ndi mtima wabwino tsiku limenelo. Ba mayi atabwera ndi tiyi, zonse zinali zitapita.

Patapita maola angapo ndinamuimbira mwamuna wanga kuti auze kalaliki wa kumeneko.

"Kalaliki kulibe," anatero. "Ali ku maliro. Mu ofesi muli batate beka. Uzakamba nabo iwe."

"Ine?"

"Nanga ine niziba chani pali makompyuta? Nikapitamo pakati nizasokoneza chabe. Tuma foni, bakuyembekeza."

"Ba mayi bako bali kuti? Bangankhale pakati."

"Bali ku munda. Iwe, ni batate banga, si nkhalamu. Tuma."

Ndinamanganso chitenge, ngakhale chinali chomangika kale. Ndinapita kuseri kwa kauntala, ndipo foni itayamba kulira kumeneko ndinapezeka nditagwada pansi, pakati pa makatoni a mapepala. Ba mayi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Imwe, bakuonani pa foni? Nyamukani, pansi apo sitinapyange."

Sindinanyamuke. Anayankha ndi mawu awo aja odekha, a munthu amene sanathamangepo.

"Kodi amake mwana ali pafupi?"

"Ndine, atate."

"Oo. Auzeni... aa, ndiye kuti ndinu. Mwadzuka bwanji kumeneko? Mdzukulu wadzuka bwanji? Amayi anu ku mtsinje ali bwanji? Mvula yayamba?"

Ndinayankha zonse, chimodzichimodzi, ndi kufunsanso za kwawo, maso anga ali pa wotchi ya pakhoma. Moni wa apongozi sudulidwa. Atamaliza anandiuza kuti makalata onse afika ndipo katundu wake amutsitsa, chifukwa zimenezo anaziphunzira asanapume. Koma anati zawadyera mmawa wonse. Netiweki ya kumeneko imayenda ngati ngolo, ndipo kagawo koyamba kanaduka panjira kangapo kasanatsike konse. "Tsopano ndili ndi tinthu tambiri tosatseguka," anatero. "Ndikakanikiza, palibe chioneka."

Ndinawafunsa zomwe akuona pa sikirini, ndipo atafotokoza mtima wanga unakhala pansi. Kompyuta yawo inali ya mphatso, ya mtundu womwewo womwe tinkaphunzirira ku koleji. Ikanakhala ya mtundu wina ndikanapeza njira ina, koma iyi ndimaidziwa ngati khitchini yanga. Ndinawatsogolera mpaka anapeza kabokosi kakuda nkutsegula zenera. Kulowa m'chikwatu momwe tizigawo tinatsikira sikunavute, chifukwa ndi zilembo zokhazokha, ndipo iwo anataipa zaka zambiri pa makina akale. Ndinkamva mabatani akulira pa foni, mwamphamvu, ngati akukhoma misomali.

Vuto linayamba pa zizindikiro. Ndinawapempha kuti akopere zomwe ndinalemba mu imelo nkuzimata m'zenera, koma zenera lakuda silimva mabatani omatira omwe anthu anazolowera, ndipo kuwafotokozera njira ina kunangowasokoneza. Kuwerenga okha sakanatha, anati tizizindikiro tating'ono timawathawa m'maso. Panatsala njira imodzi, ine kunena, iwo kulemba. Koma zizindikiro izi tinaziphunzira m'Chingerezi, ndipo nditatchula dzina lake la ku koleji iwo anati pa makina awo otaipira kunalibe chinthu chotero. M'Chinyanja zilibe maina, kapena ngati alipo palibe anandiuza.

"Atate, pali kachizindikiro kosongoka, ngati mphuno ya bwato."

"Bwato kuno kulibe, amake mwana. Kuno nkumapiri."

"Kali pa batani limodzi ndi kadontho, chapansi. Mukanikiza pamodzi ndi batani lokulitsira zilembo."

Mabatani analira. "Oho. Mlomo wa nkhuku uwu."

"Eya, atate. Mlomo wa nkhuku."

"Koma nkhuku zake zilipo ziwiri, zoyandikana. Ina ikuyang'ana ku khomo, ina ku zenera."

Ofesi yawo sindinaionepo, sindinkadziwa kuti khomo lili mbali iti. "Tikufuna yoyang'ana ku dzanja lodyera nshima."

"Ya ku zenera imeneyo. Nanga inzakeyi ntchito yake nchiyani?"

"Imeneyo imatola kuchokera mu fayilo, atate. Yathuyi imalavulira mu fayilo. Komwe mlomo waloza ndi komwe katundu akupita."

"Ina imatola, ina imalavula," anabwereza pang'onopang'ono, ngati akuika pepala m'chikwatu chake. Ali pakati pofufuza anakanikiza batani lina nkuti patuluka mzati. Ndinazindikira kuti ndi kamzere koimirira kamene ife timati paipi, chifukwa kamatenga zotuluka m'lamulo limodzi nkuzithira m'lamulo lina. Ndinawauza choncho. Iwo anati paipi siimirira, imagona, uwu ndi mzati basi. Ndinavomera. Ndinawapempha kuti mzatiwo aufafanize, lero sitiufuna.

Ba mayi anali atasiya kasitomala ataima ndi chitupa m'manja, akumvetsera. "Nkhuku na mizati," anatero monong'ona. "Ni kompyuta olo ni munzi?"

Chomwe ndinkafuna kwenikweni chinali kanyenyezi. Ukalemba gawo nkuika kanyenyezi kumapeto, kompyuta imatenga tizigawo tonse nthawi imodzi, motsatana, ntchito yatha pa mzere umodzi. Kanyenyeziko anakaona pa batani, koma batanilo linali lakufa. Anakanikiza mpaka ndinamva tebulo likugwedezeka. Ndikanatha kuwauza kuti alembe maina onse pa mzere umodzi wautali, koma chilembo chimodzi chikalakwika pakati tikanavutika kuchipeza pa foni. Ndinasankha njira yapansi, kagawo kamodzi pa mzere umodzi. Lamulo lolumikizira limatchedwa cat. Mzere woyamba unali uwu:

cat gawoaa > mtima.mp4

Ndinaunena pang'onopang'ono, ndi mipata yake, iwo nkuwerenganso mokweza asanakanikize, monga anazolowera pa ntchito. Anakanikiza. "Palibe chachitika," anatero.

"Ndiye kuti zatheka, atate. Likakhala chete lavomera."

Mzere wachiwiri ndi yonse yotsatira inkafuna milomo iwiri yotsatana:

cat gawoab >> mtima.mp4

Mlomo umodzi umayamba wakhuthula zonse zomwe zili m'dengu, kenako nkuikamo zatsopano. Milomo iwiri imawonjezera pamwamba pa zomwe zilimo kale. Izi ndinkazidziwa bwino lomwe, koma sindinawafotokozere, chifukwa kuwaphunzitsa apongozi kunandikulira m'kamwa. Ndinangoti apa aike milomo iwiri.

"Iwiri? Woyamba uja tinaika umodzi ndipo wagwira."

"Eya, atate. Koma kapena apa iwiri ingakhale bwino."

"Hmm," anatero. Mabatani analira.

Kwa ine nkhani inali itatha. Ndinali nditanena kapena, ndipo alangizi anandiuza kuti munthu wamkulu akamva kapena wa mpongozi wake amadziwa kuti wakanidwa. Kwa iwo, monga ndinamvera pambuyo pake, kapena wanga anali wa mwana waulemu amene akupereka ganizo nkusiyira akulu kuti aweruze. Anaweruza. Pa makina otaipira chilembo chikatuluka kawiri ndiye kuti batani lamata, ndipo kalaliki wabwino amakonza. Powerenganso mizere yotsatira ankangoti mlomo, osatchula kuti ingati, ine nkumati eya. Zenera nalo linali chete pa mzere uliwonse.

Tinayenda choncho tizigawo tonse. Mwana anadzuka pakati, ndinamutembenuzira kutsogolo nkumupatsa bele, foni nditaipanikiza ndi phewa. Thukuta lake lija linayamba kutuluka pamphumi, ndinkalipukuta ndi chala uku ndikutchula zilembo. Pa foni ndinamva belu la mishoni likulira la masana. Titamaliza kagawo ka mchira ndinawauza kuti atsegule kanemayo.

"Akukana," anatero. "Akuti fayilo njowonongeka."

Ba mayi anayamba kupemphera chapansipansi. Ine ndinawauza apongozi kuti alembe ls, mpata, kamzere kogona, l ndi h, kenako dzina la kanema, kuti zenera litiuze kukula kwake. Anawerenga nambala. Inali yaing'ono, yofanana ndendende ndi kagawo komaliza kokha. Pomwepo ndinadziwa zomwe zachitika. Mzere uliwonse unkafafaniza unzake. M'dengu munatsala mchira wokha.

"Atate, paja pa milomo munkaika ingati?"

"Umodzi. Wachiwiri uja ndinaona kuti ngwongowonjezera." Kenako anati, ndi mawu omwe aja odekha, "Dalaivala wa adokotala wayamba kukweza zikwama m'galimoto. Ndikumuona pa zenera."

Palibe chinali chitatayika kupatula nthawi. Tizigawo tonse tinali tikadalipo, tabwinobwino. Tinangofunika kuyambiranso, ndipo mzere woyamba wa mlomo umodzi ukanachotsa zolakwikazo wokha. Ndinati, "Kapena tiyambirenso, atate, ndi mzere woyamba uja."

"Ndaukumbukira, musavutike." Mabatani analira mofulumira kuposa kale. Anali atatopa, ndipo ndikhulupirira kuti manyazi analinso atawagwira. Kenako anawerenga: "Cat, mpata, mtima, kadontho, m, p, folo, mpata, mlomo umodzi, mpata, gawoaa. Ndikanikiza."

Anali atatembenuza. Zaka zonse za ntchito yawo dzina lalikulu limayamba, tizinthu tating'ono pambuyo, ndipo dzanja linatsata chizolowezi. Koma mlomo unali utaloza kagawo koyamba. Akanakanikiza, mutu wa kanema ukanafafanizika nkulowamo mchira, kagawo komwe kaja kanaduka panjira kangapo mmawa. Kukatsitsanso kukanatenga nthawi yomwe galimoto ija sikanatipatsa.

"Awe! Osakanikiza! Chotsani manja!"

Ndinakuwa ndi mawu a ku Chanyanya, aja ofika tsidya lina la mtsinje. Mwana anasiya bele nkuyamba kulira. Kasitomala amene ankalowa anaima pakhomo. Ba mayi anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, pemphero linadukira pakati. Ndinazindikira kuti ndaimirira, sindikudziwa kuti ndinanyamuka nthawi yanji.

Pa foni ndinamva mpando ukulira. Ndinaganiza za apongozi aakazi akumva nkhaniyi madzulo, za alangizi, za mwamuna wanga ku boda. Koma pansi pa zonsezo ndinkangomvetsera chinthu chimodzi, ngati batani lalikulu lilira. Silinalire.

"Ndachotsa," anatero. "Manja ali m'mwamba, ngati wakuba wagwidwa."

"Mwalakwitsa, atate. Mlomo waloza kagawo koyamba. Mukakanikiza kafafanizika."

"Oho." Anapuma mozama. "Nanga poyamba paja ndinalakwitsanso?"

"Munalakwitsa. Pamafunika milomo iwiri."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinati kapena."

"Kapena ndi wa kunyumba, amake mwana, pa mphasa. Muno ndi mu ofesi. Muno ndikalakwitsa fayilo, asisitere ankandiuza pamaso, ndipo sindinafe. Nenani molunjika, ngati mukuphunzitsa mwana wa giredi yoyamba. Mdzukuluyo ndi wanga."

Ndinakoka mpando wa pa kompyuta nkukhalapo. Ba mayi anatenga mwana nkuyamba kumuyendetsa m'shopu. Ndinawafotokozera za dengu, kuti mlomo umodzi umakhuthula kaye, milomo iwiri imathira pamwamba. Anamva kamodzi kokha.

"Umodzi ufafaniza, iwiri iwonjezera. Mukananena chonchi mmawa, bwenzi tikumwa tiyi."

"Fafanizani mzere wonsewo. Gwirani batani lobwerera kumbuyo mpaka pasatsale kanthu."

"Ndafafaniza."

"Lembani cat. Mpata. Gawoaa. Mpata. Mlomo umodzi. Mpata. Mtima kadontho m p folo. Werengani."

Anawerenga. Zinali zolondola.

"Kanikizani."

Kuyambira pamenepo tinathamanga. Ndinawaonetsa kuti batani la muvi woloza kumwamba limabweretsanso mzere womwe angolemba, kotero ankangosintha chilembo chimodzi. Anasangalala nalo batani limenelo, anati likanakhalapo pa makina akale bwenzi zala zawo zikadali zowongoka. Mzere uliwonse ankawerenga mokweza, ndipo akafika pa chizindikiro ankati, "Mlomo, mlomo," kuti ndimve kuti ilipo iwiri. Pena analumpha kagawo, kuchoka pa gawoae kupita pa gawoag. Ndinati, "Ayi, atate, mwalumpha f." Anati, "Zoona," nkukonza. Mawu akuti ayi anatuluka opepuka, ngati ndakhala ndikuwauza zaka zonse.

Titafika pa mchira ndinawauza kuti aonenso kukula kwa fayilo. Nambala yomwe anawerenga inali yomwe inali pa sikirini yanga. Ndinati atsegule.

Kenako ndinamva phokoso lomwe ndinalimva ku Lusaka, lija longa madzi akukankhidwa m'chubu, fuu, fuu, fuu, mofulumira.

"Ndi uwu mtima wake?" anafunsa motsitsa mawu. "Ukuthamanga chonchi?"

"Wa ana umathamanga choncho, atate. Pitani mukawaitane adokotala."

Foni anaisiya pa tebulo osaidula. Ndinamva nsapato zawo zikutuluka, ndipo sizinali kuyenda modekha. Ndinatsala ndikumvera mtima wa mwana wanga ukugunda mu ofesi ya kumapiri, pamene mwini wake anali paphewa pa ba mayi akuyamwa chibakera. Kanemayo anafika kumapeto nkusiya. Ndinadikira. Kasitomala uja anafunsa ngati fotokope ikugwira ntchito lero, ba mayi anamuuza kuti akhale pansi, kuno kuli nkhani ya chipatala.

Mawu anabwerera, a apongozi ndi a mayi wina wolankhula Chingerezi cha kutali. Ndinamva akupempha kuti abwezere kanemayo poyambira, kenako kuti aimitse, kenako abwezerenso. Anatenga nthawi. Pamapeto pake ananyamula foni nkundipatsa moni. Anandifunsa kulemera kwa mwana, mmene amayamwira, ngati milomo yake inayamba yadapo, ngati amadwala chifuwa pafupipafupi. Ndinayankha zonse mosazengereza, chifukwa palibe chomwe ndinali ndisanachiyang'ane pa mwana ameneyo.

Anati kabowoko akaona bwinobwino, ndipo kali pa malo pomwe nthawi zina kamachepa kokha mwana akamakula. Sanalonjeze kuti katseka. Anati ndisamukweze basi ulendo wautali, palibe chomwe akanachita kumeneko choposa chomwe adzachite a ku Lusaka, ndipo monga akuonera mwanayu angathe kudikira tsiku lake. Ndizimuyamwitsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndizipita naye ku sikelo osaphonya. Akasiya kukwera pa sikelo, kapena akayamba kupuma movutika, kapena milomo ikada, ndisadikire tsiku, ndipite naye ku chipatala nthawi yomweyo. Ndinamupempha kuti abwereze zizindikirozo, ndipo anabwereza mosatopa, ngakhale ndinkamva hutala ya galimoto panja.

Atachoka, apongozi anatenganso foni.

"Mwamva zonse, amake mwana? Chingerezi chake nchothamanga."

"Ndamva, atate. Akuti tisabwere. Tidikire tsiku la ku Lusaka."

"Ndi zomwe ndamva inenso. Ambuye alemekezeke." Anatsokomola. "Tsopano zenera lakudali nditseka bwanji? Ndikuopa kuligwira, lingafafanize chipatala chonse."

"Lembani exit. E, x, i, t."

"Popanda mlomo?"

"Popanda mlomo."

Mabatani analira, kenako lalikulu. Anati latseka. Tinatsazikana mwa dongosolo lake lonse, moni kwa amayi ku munda, moni kwa amayi ku mtsinje. Ndinamuimbira mwamuna wanga koma foni yake sinkapezeka, ndinangomulembera kuti sitikwera basi. Kenako ndinatenga mwana kwa ba mayi nkukhala naye pa mpando. Anagwira bele, kuyamwa pang'ono, nkusiya kuti apume. Sindinamukakamize. Ndinadikira mpaka analifunanso yekha.